Zimbale ziwiri za R.E.M.: chotchuka cha 1992 ndi chimene ambiri amachidumpha cha 1996

Munthu amene wayamba kumene kumvetsera nyimbo za R.E.M., gulu la oimba anayi lomwe linayambira ku Athens m'chigawo cha Georgia ku America mu 1980, kawirikawiri amalangizidwa kuti ayambe ndi chimbale cha Automatic for the People cha mu 1992. Uphungu umenewu si woipa, koma wachititsa kuti chimbale cha New Adventures in Hi-Fi, chimene chinatuluka mu Sepitembala 1996, chizitchulidwa mongodutsa ngati mwana wa kwa mnansi, pamene pa nkhani ya kapekedwe ka nyimbo ine ndimachiona kuti n'cholemera kuposa chinzakecho. Zimbale zonsezi anajambula ndi anthu omwewo, Michael Stipe pa mawu, Peter Buck pa gitala, Mike Mills pa besi ndi piyano, Bill Berry pa ng'oma, ndipo wowongolera kujambulako anali Scott Litt pa zonse ziwiri, choncho kusiyana kwake sikuchokera kwa anthu koma ku malo ndi mmene nyimbozo zinabadwira.

Automatic for the People ndi chimbale cha mu situdiyo. Gululi linali litasiya maulendo oimba kuyambira kumapeto kwa 1989, ndipo linali ndi nthawi yokhala pansi n'kusema nyimbo iliyonse mpaka itasalala. John Paul Jones, woimba besi wa gulu la ku Britain la Led Zeppelin, ndiye anakonza mavayolini a nyimbo zinayi, kuphatikizapo "Drive", "Everybody Hurts" ndi "Nightswimming". Chitatuluka chimbalecho, gululi silinapite kukachiimba pamaso pa anthu. New Adventures in Hi-Fi chinabadwira pamsewu, mkati mwa ulendo wa mu 1995 wotsatsa chimbale cha Monster, ulendo womwe unali wa matenda okhaokha. M'mwezi wa Malichi, Bill Berry anagwa ali mkati moimba ku Lausanne ku Switzerland chifukwa mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu mwake, ndipo chaka chomwecho Mills ndi Stipe nawonso anachitidwa maopaleshoni. Ngakhale zinali choncho, gululi linkayenda ndi makina ojambulira, n'kumajambula nyimbo zatsopano masana pa nthawi yoyesa zokuzira mawu holo ilibe anthu, ndipo zina ankazijambula usiku pamaso pa khamu. Kanyimbo kopanda mawu ka "Zither" anakajambulira m'chipinda chovalira ku Philadelphia. Nyimbo zinayi zokha ndi zimene anakazijambula bwinobwino mu situdiyo ku Seattle ulendo utatha.

Khutu limamva kusiyana kumeneku msanga. Pa Automatic chida chilichonse chili pamalo pake ndipo palibe chimene chimapondereza chinzake, pomwe pa New Adventures magitala ndi aukali, ng'oma zimamveka ngati zikulira m'chinyumba chachikulu, ndipo nyimbo monga "The Wake-Up Bomb" ndi "Undertow" zili ndi phuma la anthu amene akuimba nyimbo yomwe sanaizolowere, akumverana kuti asasochere. Wokonda mawu oyera adzasankha choyambacho mosavuta.

Pa mawu a nyimbo ndi pamene ndikufuna kukhalitsa. Automatic ndi chimbale cha imfa, ukalamba ndi kukumbukira. Mu "Try Not to Breathe" akuyankhula ndi munthu wokalamba amene wakonzeka kutsikira kuli chete ndipo sakufuna kuti abale ake amuone akuvutika. "Sweetness Follows" ikukamba za ana amene akuika m'manda makolo awo ali otalikirana mitima. "Everybody Hurts" inalembedwa dala m'mawu osavuta kuti ifike kwa achinyamata otaya mtima, ndipo ichi n'chifukwa chake kwa ife amene Chingelezi tinachiphunzira kusukulu, chimbalechi chimalowa mosavuta: Stipe akuimba pang'onopang'ono, mawu akumveka, ndipo munthu amadziwa chimene nyimbo ikufuna kuti amve mumtima.

New Adventures sichimupatsa womvetsera thandizo lotere. Mitu yake ndi ulendo, mtunda, kutchuka ndi kutopa kumene kumabwera nako, ndipo Stipe nthawi zambiri amabisala kumbuyo kwa anthu ena amene wawapeka. Mu "New Test Leper" woyankhula ndi munthu amene waitanidwa ku pulogalamu ya zokambirana pa wailesi ya kanema poganiza kuti akafotokoza mbali yake, koma akupeza kuti anamuitanira kuti anthu amuweruze, ndipo mawu ake akudulidwa ndi nthawi ya malonda. Nyimboyi siinena poyera chimene munthuyo akusalidwira, ndipo kusanenako n'kumene kumaipatsa mphamvu, chifukwa aliyense amene anaimapo pakati pa anthu omuloza chala akhoza kulowa m'malo mwake. "Be Mine" poyamba imamveka ngati nyimbo wamba ya chikondi, koma ukamvetsetsa umazindikira kuti woyankhulayo akufuna kukhala chilichonse m'moyo wa mnzakeyo, osamusiyira ngakhale kampata kopumira, ndipo gululi limachedwetsa ng'oma kwa nthawi yaitali, gitala ikungobwereza yokha, kotero kuti zikalowa womvetsera amamva ngati chinthu chimene chinatsekerezedwa chaphulika.

Nyimbo imene imasonyeza bwino kulimba mtima kwa chimbalechi ndi "E-Bow the Letter". Dzina lake likuchokera ku EBow, kachipangizo kogwira m'manja kamene kamanjenjemeretsa nsambo ya gitala ndi mphamvu ya maginito, n'kutulutsa kulira kotalika kosaduka kofanana ndi kwa vayolini. Pamwamba pa kulirako Stipe sakuimba kwenikweni koma akulakatula ngati munthu wowerenga kalata imene analemba pakati pa usiku, maganizo akulumphalumpha, mizere ina yaitali ina yaifupi, kenako Patti Smith, mayi woimba wa ku America yemwe Stipe anamusirira kuyambira ali mnyamata, amalowa pa kolasi ndi mawu otsika odekha. Gululi linasankha nyimboyi kuti ikhale yoyamba kuperekedwa ku mawailesi, chinthu chimene munthu wofuna malonda sakanachita. Ku Britain inafika pa nambala 4, koma ku America mawailesi sanailandire bwino, ndipo anthu ambiri anaganiza kuti chimbale chonse n'chovuta chimodzimodzi.

Kuti munthu aone kuti apeki ndi omwewo koma njira ndi zosiyana, aike "Nightswimming" ya mu Automatic pambali pa "Leave" ya mu New Adventures. Zonse ziwiri zamangidwa pa kubwereza. Mu "Nightswimming" Mills akubwereza kachigawo kamodzi ka piyano mozungulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda ng'oma, pamene Stipe akukumbukira masiku a unyamata osambira usiku, ndipo kubwerezako kumatonthoza. "Leave", yomwe imapitirira mphindi 7, imayamba ndi gitala yofatsa kwa pafupifupi mphindi imodzi, kenako pamabuka kulira konga kwa belu la ambulansi kochokera pa kiyibodi, ndipo kulirako sikuleka mpaka nyimbo itatha. Anthu ena amazimitsa nyimboyi chifukwa cha phokoso limeneli, ndipo sindiwadzudzula, koma amene wapirira amapeza kuti pansi pake pali imodzi mwa nyimbo zokoma kwambiri zimene Stipe anaimbapo, ya munthu wofuna kusiya zonse n'kuchoka, ndipo belulo ndi nkhawa imene ikumuthamangitsa. Nyimbo yoyambayo imakondedwa pa kumva koyamba, yachiwiriyo imafuna kubwererako kangapo.

Zimbale zonsezi zimatseka ndi nyimbo yotsanzika. "Find the River" ya mu Automatic ndi yofatsa ndi yokongola, koma "Electrolite", imene anaijambula poyesa zokuzira mawu ku Phoenix, ili ndi chinthu chimene Automatic ilibe kwenikweni, chomwe ndi nthabwala zosakanikirana ndi chisoni. Woyankhulayo ali pamwamba pa mapiri a Los Angeles, pa msewu wa Mulholland Drive, akuyang'ana magetsi a mzinda usiku, akudziyerekeza ndi akatswiri a mafilimu, ndipo akutsanzikana ndi zaka za m'ma 1900 zimene zinali pafupi kutha, piyano, banjo ndi vayolini zikumuperekeza mopepuka.

Zofooka zilipo mbali zonse, ngakhale sizofanana kukula. New Adventures ili ndi nyimbo 14 ndipo imatenga mphindi zoposa 65, kutalika kumene palibe chimbale china cha mu situdiyo cha gululi chinafikapo, ndipo kunena zoona "Binky the Doormat" ndi "Low Desert" zikanachotsedwa palibe akanadandaula kwambiri. Automatic ili ndi nyimbo 12 m'mphindi zosakwana 50 ndipo ndi yothina bwino, kupatula "Ignoreland", nyimbo yaukali yodzudzula ndale za nthawi ya atsogoleri a dziko la America, Reagan ndi Bush, yomwe imamveka ngati yasochera pakati pa nyimbo za maliro.

Kunena kuti New Adventures sichinayamikiridwe mokwanira sikutanthauza kuti chinagwa, popeza chinafika pa nambala 1 ku Britain ndi nambala 2 ku America. Vuto linali la nthawi. Mu Ogasiti 1996, patangotsala milungu yochepa kuti chituluke, nyuzipepala zinalemba kuti gululi lasainirana mgwirizano watsopano ndi kampani ya Warner Bros. wa ndalama pafupifupi madola 80 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo anthu ankayeza chimbalecho ndi ndalama m'malo mwa nyimbo. Chinagulidwa mochepa poyerekeza ndi zimbale zitatu zimene zinachitsogolera, gululi silinachite ulendo wochitsatsa, ndipo mu Okutobala 1997 Bill Berry anachoka n'kukakhala mlimi ku Georgia. Choncho ichi ndi chimbale chomaliza chimene anthu anayi aja anajambula limodzi, ndipo Stipe wanenapo kuti ndi chimene amachikonda kwambiri pa zimbale zonse za gululi.

Kwa mnzathu amene akufuna chimbale chimodzi chomvetsera mwakachetechete madzulo, kapena amene mtima wake uli pa chisoni, Automatic for the People ndi choyenera, ndipo amene sanamvepo R.E.M. ayambe nacho. Koma amene amaimba gitala, amapeka nyimbo, kapena amafuna kumva mmene nyimbo imaimirira isanakongoletsedwe ndi mavayolini, apite ku New Adventures in Hi-Fi, ndipo achimvetsere ndi mahedifoni kapena pa sipika yabwino, chifukwa kasipika ka foni kamameza besi ya Mills ndi mawu ake operekeza, zomwe ndi theka la kukoma kwa nyimbozi. Ngati mphindi 65 zikuoneka zambiri pa tsiku loyamba, ayambe ndi "New Test Leper", "Bittersweet Me" ndi "Electrolite", kenako "E-Bow the Letter", ndipo "Leave" aisunge mpaka khutu litazolowera.