James Carr kapena O.V. Wright, muyambe ndi uti?

Amene mwamvera Otis Redding mpaka nyimbo zonse mukuzidziwa pamtima ndipo mukufuna woyimba wina wa nyimbo za soul wa ku Memphis ku America komwe Otis ankajambulira nyimbo zake, ine mayina ndili nawo awiri, James Carr ndi O.V. Wright. Awiriwa anakulira mu nyimbo za tchalitchi, anayimbapo limodzi mu gulu la Harmony Echoes, ndipo amene anawatengera ku kampani yojambula nyimbo ya Goldwax mu 1964 ndi munthu mmodzi, Roosevelt Jamison, mkulu amene ankagwira ntchito pamalo osungira magazi nkumachititsa anyamata pulakatisi komweko akaweruka. Poyambira ndi pamodzi koma njira zinasiyana kutalitali.

Carr anabadwa mu 1942 ku Mississippi, mwana wa abusa. Mawu ake ndi akulu, olemera, ochokera pachifuwa penipeni. Ikani The Dark End of the Street ya 1967 usiku ndi ma earphone, nyimbo ya anthu awiri okondana mobisa amene akudziwa kuti tsiku lina adzagwidwa, mumve mmene amayambira pansipansi osathamanga ngati akuopa kuti wina amumva kuseri kwa chitseko, ine ulendo woyamba ndinaibwereza kanayi tiyi mpaka kuzizira. Olemba ake ndi Dan Penn ndi Chips Moman, ambiri anadzaiyimbanso kuphatikizapo Aretha Franklin koma kwa ine ya Carr palibe anaifika. Pali You've Got My Mind Messed Up ndi Pouring Water on a Drowning Man za 1966, zonse moto.

Vuto ndi loti zabwino zake ndi zochepa, ma alubamu awiri basi ku Goldwax kampani nkutseka mu 1969. Mkuluyu ankavutika ndi matenda a maganizo ndipo zimandiwawa kwambiri, mu 1979 ku Japan anangoima pa siteji duu osatulutsa mawu. Anabwereranso ndi Take Me to the Limit mu 1991 ndi Soul Survivor mu 1994, mawu analipobe koma zoyimbira zake sizikoma ngati za kale zija, musayambire kumeneko. Anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu January 2001.

Wright yekha nkhani ndi ina. Anabadwa mu 1939 ku Tennessee, mawu ake ndi okwera, akuthwa, osasa pang'ono, amayimba ngati mlaliki amene wafika pachimake pa ulaliki thukuta lili kamukamu. That's How Strong My Love Is imene ambiri mumati ndi ya Otis, anayamba kuitulutsa ndi Wright mu 1964, wolemba ndi Jamison yemwe uja. Kenako Don Robey, mwini makampani a nyimbo wa ku Houston, anati mnyamatayu ali pa kontilakiti yanga kuyambira nthawi ya gospel ndi gulu la Sunset Travelers, ndiye Wright anachoka ku Goldwax nkupita ku kampani ya Back Beat ya Robey. Kumeneko ndi kumene anagwira ntchito ndi wojambula nyimbo Willie Mitchell, yemwe uja anadzatchukitsa Al Green, ndiye malipenga ndi ng'oma zimamveka zothina bwino. You're Gonna Make Me Cry 1965, Eight Men, Four Women 1967 imene amadziika mu khoti pamaso pa anthu 12 omuweruza pa mlandu wa chikondi, Ace of Spades 1970, A Nickel and a Nail 1971 ya munthu amene anali ndi zonse lero mthumba mwatsala kakobiri ndi msomali. Ngakhale za ku Hi Records chakumapeto kwa ma 70 monga Into Something (Can't Shake Loose) ndi zomvereka ndithu ngakhale thupi linali litatha ndi mankhwala ozunguza bongo. Anamwalira ndi mtima mu November 1980 ku Mobile, Alabama ali ndi zaka 41 zokha.

Ndiye ine ndimati yambani ndi Carr, pezani alubamu ya The Complete Goldwax Singles ya kampani ya Kent, madzulo amodzi mwamaliza ndipo akugwirani pompo. Koma amene amakhalitsa mu foni yanga ndi Wright, zaka 15 za nyimbo ndipo mpaka pano ndimapezabe ina imene ndinaidumpha. Ngati bundle ndi yochepa tsitsani ziwiri, The Dark End of the Street ndi A Nickel and a Nail, muziike motsatizana.