Tripod kapena manja okha pojambula dzuwa likamalowa m'nyanja

Ife ojambula mongodzisangalatsa timakonda kutsutsana za tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ngati kuti kulowa kwa dzuwa ndi nthawi imodzi. Pali nthawi ziwiri. Yoyamba ndi pamene dzuwa lidakali pamwamba pa madzi, yachiwiri imayamba likangomira. Kuwala kwa nthawi ziwirizi n'kosiyana kwambiri, moti chida chimene chimakupulumutsani pa yachiwiri n'chomwecho chimene chimakuchedwetsani pa yoyamba.

Tiyambe ndi malo, chifukwa ena amanyamula katundu yense n'kukapeza dzuwa likulowera kumbuyo kwawo. Gombe lalikulu la mbali ya Malawi limayang'ana kum'mawa. Ku Senga Bay, ku Nkhotakota kapena ku Chintheche dzuwa limatuluka m'madzi koma limakalowa kumtunda. Wofuna kuliona likumira m'nyanja apite ku Cape Maclear, kumene gombe la mudzi wa Chembe lili ndi chilumba cha Thumbi patsogolo pake, kapena ku Likoma, kapena tsidya la Mozambique ku Metangula. Abale athu a ku Joni nawo akudziwa kuti ku Durban n'kotulukira dzuwa, pamene ku Camps Bay ndi ku Sea Point, ku Cape Town, n'kolowera.

Dzuwa lidakaoneka, manja amapambana, ndipo sindikuona chokanganirana. Kuwala kumakhala kokwanira moti pa ISO 100 (ISO ndi mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ndi f/8 (nambala ya f ikakula, bowo la lenzi limachepa) shutter, kachitseko kolowetsa kuwala, imathamanga pa 1/250 ya sekondi kapena kuposa. Lamulo lakale limati liwiro la shutter lisachepere utali wa lenzi yanu: lenzi ya 50mm ifuna 1/50, ya 200mm ifuna 1/200, ndipo pa makamera a sensa yaing'ono muwonjezereko theka. Pa 1/250 muli kale pabwino pa malenzi ambiri. Tripod siwonjezera kanthu pamenepa.

Chimene manja amakupatsani ndi kuyenda. Kuno kufupi ndi Equator dzuwa silizengereza. Kuchokera pamene lakhudza madzi mpaka kuzimiririka pamangodutsa mphindi ziwiri ndi pang'ono. M'mphindi zimenezo bwato la msodzi limadutsa pa mzere wofiira wa m'madzi, mwana amalumphira m'nyanja, nkhwazi imachoka pamtengo. Muyenera kusuntha mapazi atatu kumanzere, kugwada, kudzukanso. Amene akulimbana ndi kumasula mwendo wa tripod amadzutsa mutu bwato litapita kale. Ndipo pali chinthu chimene ambiri amachisokoneza: tripod imaletsa kamera kugwedezeka, siimitsa chinthu choyenda. Bwato lojambulidwa pa 1/15 lituluka mbuu ngakhale kamera mutaimangirira pa thanthwe. Ngati chithunzi chanu ndi cha anthu, mabwato kapena mbalame, mankhwala ake ndi shutter yothamanga basi. Chenjezo limodzi apa: musayang'ane dzuwa kudzera pa kagalasi kosuzumirapo ka DSLR (kamera yosintha malenzi) mutaika lenzi yaitali, gwiritsani ntchito sikirini ya kumbuyo, maso sagula.

Likangomira, zinthu zimatembenuka. Anthu ambiri amalongedza n'kumapita, chonsecho mitambo imafiira bwino pakadutsa mphindi 10 kapena 15, kenako thambo limasanduka labuluu wakuya. Ku Cape Maclear kachisisira kameneka n'kakafupi, mphindi zongopitirira 20, ndipo kuwala kumatsika mofulumira. Shutter imene inali pa 1/250 imafika pa 1/30, posakhalitsa pa 1/4, kenako sekondi yathunthu. Wogwira pamanja ali ndi njira ziwiri, zonse zolipira. Akhoza kutsegula lenzi, koma lenzi wamba ya 18-55mm imathera pa f/3.5 mpaka f/5.6. Kapena akweze ISO kufika 1600 kaya 3200, ndiye timadontho timayamba kuoneka, makamaka pa thambo losalala ndi m'malo amdima, momwe muli kukongola konse kwa chithunzicho. Choletsa kugwedezeka, chija amalemba IS pa malenzi a Canon ndi VR pa a Nikon, chimathandizadi. Wamanja okhazikika akhoza kutsika mpaka 1/8 pa lenzi yotambalala. Koma makamera oyambira monga Canon 2000D kapena Nikon D3500 alibe chimenechi m'thupi mwake, chimadalira lenzi, ndipo ngakhale chilipo sichingakufikitseni pa masekondi asanu.

Masekondi asanuwo ndiye dziko la tripod. ISO imakhala pa 100, f/11 imagwira bwino kuyambira mwala wa pafupi mpaka chilumba, ndipo shutter mumaisiya itseguke mmene ifunira. Pa theka la sekondi funde lobwerera limasiya mizere yoyera pa mchenga, zimene zimaoneka bwino kwambiri pa nyanja ya mchere kumene mafunde ali ndi mphamvu. Pa masekondi 15 kapena 30 madzi amasalala mpaka mafunde osaonekanso. Nyali za asodzi a usipa zikayamba kuyaka patali, zimatuluka zoyera bwino pansi pa thambo lomwe likadali ndi mtundu. Zithunzi zoterezi manja sangathe, kaya munthu aume bwanji. Palinso nkhani ya kusiyana kwa kuwala: thambo lowala, gombe lakuda. Pa tripod mumajambula zitatu, china chakuda, china chapakati, china chowala, n'kukaziphatikiza pa kompyuta popanda vuto chifukwa kamera sinasunthe. Phindu lina laling'ono koma lenileni ndi mzere wa madzi. Nyanja yopendekeka imaononga chithunzi msanga, ndipo pa tripod mumakhala ndi mpata woiwongola modekha.

Komatu gombe si malo okoma kwa tripod. Mchenga wouma umatitimira. Mchenga wonyowa ndi wabwinoko, koma funde lililonse likamabwerera limakokolola mchenga wa pansi pa miyendo, kamera n'kutsika pang'ono shutter ili chitsegukire. Kanikizani miyendo ilowe ndithu musanayambe, kapena pezani mwala. Mchenga ukalowa m'zomangira miyendo zimayamba kukukuta, ndipo ku Cape Town mchere umadya zitsulo ngati simutsuka ndi madzi abwino tsiku lomwelo. Ku Nyanja ya Malawi vuto la mchere kulibe, koma mchenga ndi womwewo. Ndiye pali mphepo: mwera wa miyezi ya Juni mpaka Ogasiti kwathu kuno, ndi mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa imene imaomba ku Cape Town m'chilimwe chawo. Pa mphepo musakweze ndodo ya pakati ija, tsitsani tripod yonse, ndipo lamba wa kamera muuchotse kapena muugwire chifukwa umakupiza. Dinani ndi timer ya masekondi awiri kuti chala chisagwedeze kamera, ndipo IS kapena VR muizimitse.

Apa ndinene maganizo anga mosabisa. Tripod zotchipa za pulasitiki, zija zopepuka zimene amapereka ngati mphatso pogula kamera, n'zoipa kuposa kusakhala nayo. Mukaikapo DSLR imagwedera ngati phesi la chimanga, chithunzi n'kutuluka chosagwira, inu mukuganiza kuti vuto ndi lenzi. Choipitsitsa, mumaikhulupirira n'kuchokapo, mphepo n'kugwetsera kamera m'madzi. Yodalirika ya aluminiyamu imalemera pafupifupi makilogalamu awiri, ndipo amene wayendapo pa minibasi kuchokera ku Mangochi kukafika ku Monkey Bay, n'kukweranso njinga yamoto kupita ku Chembe, akudziwa kuti makilogalamu awiri aatali chonchi si nkhani yaing'ono. Ya carbon imapepuka koma mtengo wake umaluma.

Pakati pa ziwirizi pali njira imene anthu amaiderera. Kathumba ka nsalu kodzaza mpunga kapena nyemba, kokhala ngati kilogalamu imodzi, mukakaika pa thanthwe la ku Otter Point kapena pa bwato lokokeredwa kumtunda, mutapempha mwini wake, kamagwira kamera masekondi 30 osasuntha. Mphepo sikaopa chifukwa kali pansi. Chovuta chake n'chakuti malo amakusankhirani ndi mwalawo, ndipo chithunzi choimirira chimavuta. Monopod, choimikapo kamera cha mwendo umodzi, ine sindiiwerengera pa ntchito iyi: imapumitsa manja pa lenzi yolemera, koma sekondi yathunthu siingakwanitse.

A foni nkhani yawo ndi ina. Mafoni ambiri atsopano akakhala pa Night mode amajambula zithunzi zingapo mofulumira n'kuziphatikiza okha, choncho kachisisira amakatha pamanja, bola zigongono zitsamire pathupi. Pa sikirini ya foni ndi pa Facebook zimaoneka bwino. Mukazikulitsa pa kompyuta m'pamene mumaona kuti miyala ndi masamba zapakidwapakidwa. Wofuna madzi osalala pa foni afunikabe poikhazika, ndipo ka tripod kakang'ono ka m'thumba kamakwana popeza foni ndi yopepuka.

Malo amodzi okha tripod ilibiretu ntchito, nthawi iliyonse: m'boti. Mukakhala pa Ilala dzuwa n'kumalowa, sitima yonse ikuyenda ndipo kunjenjemera kwa injini kumakwera m'miyendo ya tripod mpaka mu kamera. Pamenepo imani mutatangadza miyendo, musatsamire chitsulo cha m'mphepete, kwezani ISO mpaka shutter ifike 1/500, ndipo mujambule zingapo motsatizana kuti mudzasankhe chogwira bwino.