Mkulu wokonza mawotchi amene anandipulumutsira mapaundi 380

Bambo anga anagwira ntchito ku Malawi Railways ku Limbe mpaka kupuma, ndipo chibwerereni kuno ku England ndakhala ndikulakalaka wotchi yapakhoma ya pasiteshoni, yozungulira ija, ya nkhope yoyera ndi manambala achiroma. Mwezi watha ndinaiona pa tsamba lina la malonda pa intaneti. Wogulitsa analemba kuti ndi ya m'nthawi ya Mfumukazi Victoria, yochokera kukampani ya sitima, makina ake a mtundu wotchedwa fusee, mtengo mapaundi 380. Mtima unali m'mwamba, koma mnzanga wa kutchalitchi anandiuza kuti ndiyambe ndakaonetsa zithunzizo kwa mkulu wina wokonza mawotchi m'kashopu kena ku Leicester.

Mkuluyo sanachedwe nazo. Analoza zilembo za pankhope ya wotchiyo, LNER, n'kundifunsa ngati ndikudziwa chaka chimene Victoria anamwalira. Ndi 1901. Kampani ya LNER, kutanthauza London and North Eastern Railway, inayamba mu 1923, pamene makampani ambiri a sitima ku Britain anaphatikizidwa n'kukhala anayi. Ndiye wotchi ya kampani yomwe kunalibe ingakhale bwanji ya nthawi imeneyo?

Pomwepo akanatha kunditsazika, koma anandikhazika pampando n'kunena kuti ndipemphe zithunzi za kumbuyo ndi za m'kati. Zitabwera, tinazikulitsa pa kompyuta yake. Bokosi lakumbuyo linali lomangidwa ndi masikuluwu a mutu wa mtanda, omwe anayamba kufala m'ma 1930. Wotchi yeniyeni ya mtunduwu bokosi lake limagwidwa ndi zikhomo zamtengo, ndipo masikuluwu akale amakhala ndi mzere umodzi basi. Thabwa la m'kati linali lotuwa, utoto wakuda atangoupaka m'mbali.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya fusee. Ine ndinkaganiza kuti likakhalapo liwu limeneli, nkhani yatha. Anatsitsa wotchi ina pakhoma n'kundionetsa: ndi kachitsulo kooneka ngati nguli, kokulungidwa ndi katcheni kakang'ono kochokera ku sipuling'i. Sipuling'i ikangowayindidwa imakoka mwamphamvu, ikamatha imafooka, ndiye kanguli kaja kamalinganiza mphamvuyo kuti wotchi isathamange Lolemba n'kumakwawa Loweruka. Koma makina otere akupangidwabe atsopano, ena ku India, n'kumaikidwa m'mabokosi odetsedwa dala.

Ukalamba weniweni, anatero, uli ndi malo ake. Mawotchi amenewa amayenda masiku 8, choncho wina ankalowetsa kiyi sabata iliyonse kwa zaka zambirimbiri, ndipo penti amasupuka mozungulira kabowo ka kiyiko. Nthawi zambiri m'kati mumapezekanso madeti amene okonza akale analemba ndi pensulo kapena kukanda pachitsulo. Ya pa intaneti ija inali yachikasu mofanana paliponse ngati yaviikidwa mu tiyi, koma pakabowo pali see.

Anandilipiritsa mapaundi 15, ndipo sindikudandaula nawo ngakhale pang'ono. Chovuta n'chakuti satsegula tsiku lililonse ndipo foni sayankha akakhala pa ntchito, moti ulendo woyamba ndinapeza chitseko chotseka. Amalankhulanso mothamanga, muyenera kumuimitsa kuti abwereze, koma sakwiya.

Wotchi yongotengera yakale si yoipa, iyenso ali nazo ziwiri m'shopumo ndipo analemba poyera kuti n'zatsopano. Chimandipweteka ndi kuika dzina la zakale pa chinthu cha dzulodzuloli, chifukwa ogula ambiri ali ngati ine, akufuna chowakumbutsa munthu wawo. Ndinalembera wogulitsa uja za 1923 ndi 1901, sanandiyankhe. Mkuluyo wasunga nambala yanga, ndipo wati ikabwera ya nkhope ya mainchesi 12 yomwe waitsegula yekha n'kukhutira nayo, andiimbira.