Constitution Hill ku Johannesburg: malo oti okonda mkangano wa kunyonga akawaone

Amene muli ku Joni kuno ndipo mumakonda kutsutsana za chilango chonyonga, patulani theka la tsiku mukaone Constitution Hill. Malowa ali pakati pa Braamfontein ndi Hillbrow, pafupi ndi Park Station. Mumalipira pakhomo, ndipo langizo langa ndi lakuti mutenge wokuyendetsani. Mukayenda nokha mudzangoona makoma.

Poyamba inali ndende, mpaka idatsekedwa mu 1983. Gandhi adagonamo, Mandela nayenso. Koma ine chidandigwira mtima ndi mbali yotchedwa Number Four, komwe ankatsekerako amuna akuda. Malo odyera adawaika maso ndi maso ndi zimbudzi zopanda zitseko, munthu ukudya uku mnzako akudzithandiza. Kumapeto kuli tizipinda ta munthu mmodzi, ta zitseko zachitsulo zomwe akaidi adazilembalemba pokanda. Ndidalowa m'kamodzi, mnzanga n'kukankha chitseko mwanthabwala. Sindidaseke. Wotiyendetsa, mtsikana wodekha, sankatithamangitsa. Ankatisiya tiyang'ane kaye, kenako n'kufotokoza, ndipo mafunso athu achingerezi chothyokathyoka adawayankha osatopa.

Musapite mukuyembekeza kuona chingwe. Ponyongera padali ku Pretoria, komwe ankatha kunyonga anthu 7 nthawi imodzi, ndipo n'komwe Solomon Mahlangu, womenyera ufulu wa chipani cha ANC, adanyongedwa mu 1979. Pano mumaona kumene ulendo wopita kumeneko unkayambira kwa ena, monga Daisy de Melker, mayi amene adasungidwa kundende ya azimayi ya pomwepa asananyongedwe mu 1932.

Mukatuluka m'ndende mumangolowa m'bwalo la Constitutional Court, khoti lalikulu la dziko la South Africa, mpanda womwewo. Njerwa zina za m'chipinda chozengera milandu adazigumula kundende yakaleyo. Kutsogolo kwa mipando ya oweruza kuli zikopa za ng'ombe, ndipo pali kawindo kakatali m'munsi komwe umangoona miyendo ya anthu odutsa panja, osadziwa kuti uyu ndi bwana kapena wogulitsa tomato. Nyumbayi idatsegulidwa mu 2004, koma bwaloli lidayamba kale, ndipo mlandu woyamba kuumva udali wa Makwanyane, mkaidi amene adagamulidwa kunyongedwa. Pa 6 June 1995 oweruza onse 11, motsogozedwa ndi Arthur Chaskalson, adagamula kuti kunyonga kukutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Adavomereza kuti mwina anthu ambiri ankafuna chingwe chipitirire, koma adati kuchuluka kwa ofuna sikungalande munthu ufulu wokhala ndi moyo.

Apa m'pomwe tidayambana ndi mnzanga uja, chamunong'onong'o. Iye adati Joni yomweyi anthu akuphedwera foni, ndiye chifundo chapindula chiyani? Funso lake si lachibwana, ndipo malowa sakuyankha. Ine changa n'chakuti ukaona mmene boma linkasankhira woti adye chiyani ndi woti agone pati potengera khungu, umachita mantha kulipatsanso mphamvu yosankha woti afe.

Kwathu nkhaniyi idakali lendelende. Malawi sidanyongeponso munthu chichokere 1992, koma lamulo lilipo. Mlandu wa Kafantayeni mu 2007 udachotsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingogamulidwa kunyongedwa. Mu April 2021 bwalo la Supreme pa mlandu wa Khoviwa lidaoneka ngati lathetseratu chilangochi, koma pofika August chaka chomwecho oweruza adati ayi, sadatero. Anzathu a ku Zambia adathetsa mu December 2022, Zimbabwe kumapeto kwa 2024.

Valani nsapato zoyendera ndi chipewa, chifukwa mbali yaikulu ndi yapanja ndipo dzuwa la ku Joni silinyengerera. Ana aang'ono ndingati asiyeni kunyumba, Number Four si malo awo. Mukapita mkati mwa sabata mwina mungapeze oweruza ali pa mlandu, ndipo anthu wamba amaloledwa kulowa n'kumvetsera. Ine ndidapita Loweruka, mipando ili mbee, ndiye ndikufuna kudzapempha tsiku kuntchito.