Sound BlasterX G6: phokoso latha, mapazi a mdani akumveka, koma si aliyense akufunika kabokosika

Kabokosi aka, kamene ndi sound card (chipangizo chotulutsa mawu a kompyuta) yolumikiza kunja, ndakhala ndikukagwiritsa ntchito kuyambira nyengo yamvula yapitayi, pa laputopu yomwe masana ndimagwirira ntchito, usiku n'kumasewererapo Counter-Strike 2 ndi EA Sports FC. Ndikukapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ntchito yomwe ndinakagulira kakuigwira bwino lomwe, ndipo nyenyezi yachisanuyo yadyedwa ndi mtengo wake munthu ukauwerengera mu kwacha. Koma ambiri mwa anzanga amene akhala akundifunsa za kabokosika kuno ku Luwinga sakufunika kukagula n'komwe.

Mavuto anga anali awiri. Ndikalowetsa mahedifoni pa jaki ya laputopu, pansi pa mawu onse pankamveka kaphokoso kopyapyala kakuti tsiiii, kamene kankakula gemu ikayamba kulemera. Ndikasuntha mausi, kankasintha kaliridwe. Chimachititsa zimenezi n'chakuti kachipu ka mawu ka mu laputopu kamakhala pa motherboard, moyandikana ndi purosesa, graphics card ndi tizipangizo togawa magetsi, ndiye mawu akamapita ku jaki amatola zinyalala za magetsi m'njira. Vuto lachiwiri linali mahedifoni. Ndili ndi Beyerdynamic DT 770 Pro omwe anandisiyira msuweni wanga wojambula nyimbo, ndipo ndi aja a 250 ohm. Mtundu womwewu uliponso wa 32 ndi wa 80 ohm, koma anga ndi ouma kuwakankha. Voliyumu ndinkaifikitsa pa 100, mawu n'kumamvekabe ngati akuchokera chipinda china, besi yake yofooka.

G6 imapangidwa ndi kampani ya Creative ya ku Singapore, yomwe Sim Wong Hoo anayambitsa mu 1981. Achikulire pa zamakompyuta akukumbukira dzina la Sound Blaster, lomwe linayamba mu 1989 pa makadi olowetsa mkati mwa kompyuta. G6 inatuluka mu 2018 ndipo ndi yakunja, imalumikizidwa ndi waya wa USB. Mkati mwake muli zinthu ziwiri zofunika: DAC, yomwe imasandutsa manambala a kompyuta kukhala mawu, ndi ampu yokankha mahedifoni. Popeza ntchito yosanduliza ija ikuchitikira kunja, kutali ndi chipwirikiti cha pa motherboard, kaphokoso kanga kaja kanatheratu tsiku loyamba lomwe. Ndinatseka nyimbo, n'kukweza voliyumu, m'makutu munali zii.

Pa katoni analembapo manambala ochititsa kaso: 32-bit, 384 kHz, 130 dB. Musatengeke nawo. Khutu la munthu silimva kupitirira 20 kHz, ndipo mawu a magemu ambiri amakonzedwa pa 48 kHz, mlingo wokwanira kunyamula zonse zomwe khutu limamva. Ine mu Windows ndinaika 24-bit, 48 kHz, ndipo sindinabwererekonso. Nambala yomwe inandithandiza ndi yakuti ampu yake imakankha mahedifoni kuyambira 16 mpaka 600 ohm. M'mbali mwake muli kaswitchi ka gain kolembedwa L ndi H. Pa L ndi pa mahedifoni osafika 150 ohm, pa H ndi pa oyambira pamenepo kupita m'mwamba. Nditakankhira pa H, ma DT 770 aja anadzuka. Tsopano kogwedeza voliyumu sindikafikitsa ngakhale pakati. Ngati muli ndi tija tolowetsa m'khutu, siyani pa L, ndipo muzitsitsa kaye voliyumu musanasinthe switchiyo, makutu alibe sipeya.

Ambiri amagula sound card poganiza kuti iwauza komwe mdani ali. Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Ubongo umadziwa komwe mawu akuchokera poyerekeza makutu awiri: khutu lomwe lili pafupi limamva msanga pang'ono, mosiyana ndi linzake ndi nthawi yosakwana 1 ms, komanso limamva mokweza. Zakutsogolo ndi zakumbuyo, zam'mwamba ndi zapansi, zimadziwika ndi mmene chikutu ndi mutu zimapindira mawuwo. Magemu ngati Counter-Strike 2 amawerengera okha zonsezi, njira yomwe amaitcha HRTF, n'kutumiza mawu okonzeratu ku makutu awiri. Choncho amene amakuuzani kuti mdani ali kumanzere chakumbuyo ndi gemuyo. Kabokosika ntchito yake ndi kufikitsa uthengawo osauipitsa.

Kusiyana kwake ndinakumva bwino pa mapu a Nuke mu Counter-Strike 2, pomwe malo otchera bomba a A ali pamwamba penipeni pa a B. Kale ndikabisala pansi, mapazi akutali ankamira mu kaphokoso kaja, ndipo ndinkangodziwa kuti kwinakwake kuli munthu. Pano ndimamva kuti uyu akuponda chitsulo pamwamba panga, uyo watsika makwerero, wina wasintha mfuti kuseri kwa chitseko. Mawuwo analipo kale mu gemu, ine ndi amene sindinkawalandira. Kuwina sikunachuluke kwenikweni, dzanja likadali lomwe lija, koma zofa osadziwa chakupha zachepa.

G6 ili ndi 7.1 yakeyake yoyerekeza (mawu omveka ngati akuchokera ku masipika okuzungulira), yomwe imayaka ndi batani la SBX. Pa mafilimu ndi magemu a nkhani imakoma, chipinda chimakula. Koma musaiyatse pamwamba pa HRTF ya gemu, chifukwa mawu akonzedwa kawiri, ndipo zakutsogolo ndi zakumbuyo zimasokonekera. Lamulo limeneli ndi la sound card iliyonse, ngakhalenso Windows Sonic kapena Dolby Atmos, omwenso amayerekeza mawu ozungulira: sankhani chimodzi, zinazo muzimitse. Ine pa magemu owomberana ndimadina batani la Scout Mode n'kuligwira kwa kanthawi, kabokosi n'kulowa mu Direct Mode, momwe mawu amangodutsa osakhudzidwa. Scout Mode yeniyeniyo, yomwe imakweza timawu ting'onoting'ono ngati mapazi, ndimaiyatsa mvula ikamagwa. Nyumba yomwe ndimachita lendi ilibe siling'i, ndipo amene anakhalapo ku Mzuzu akudziwa kuti mvula ya kuno ikayamba kuwomba malata sipuma msanga, imatha kufika mpaka mu Epulo ndi Meyi anzathu a kummwera atayamba kale kukolola. Nthawi ngati imeneyo Scout Mode imandithandiza. Kukakhala bata ndimaizimitsa, chifukwa ikakweza zakutali, kuyeza mtunda ndi khutu kumavutirapo.

Chomwe sindinkachiyembekezera kuti ndichikonda ndi mbali ya maiki. Ma DT 770 alibe maiki, ndiye ndimagwiritsa ntchito kaja kopanira pa kolala, kamene ndimalowetsa pa jaki yakeyake kutsogolo kwa G6. Anzanga pa Discord anasiya kundiuza kuti ndikumveka ngati ndili m'chigayo. Komanso pali sidetone, yomwe imakubwezera mawu ako m'makutu. Mahedifoni otseka ngati angawa amakugonthetsa, umakuwa osadziwa. Tsiku lina m'mawa ndikutunga madzi pampopi, amayi a nyumba anandifunsa kuti, "Achimwene, kodi usiku mumakangana ndi ndani? Tikumva 'kumbuyo kwako, kumbuyo kwako' mpaka tambala." Ukadina kogwedeza voliyumu n'kugwira, kuwala kwake kumasintha kuchoka koyera kupita kofiira, ndipo pamenepo ukusintha mlingo wa mawu ako. Kuyambira pomwe ndinayamba kudzimva, ndimayankhula ngati munthu, ndipo amayi aja sanadandaulenso.

Pa nkhani ya magetsi, G6 imadya pa USB pomwepo, ilibe adaputa yapakhoma. Magetsi akazima imapitiriza ndi batire ya laputopu, ngakhale kuti batireyo imatha msangako. Koma musaganize kuti kabokosi kalikonse kathetsa phokoso lililonse. Pali kulira kwina kokhuthala kwakuti mmmm, kochokera ku magetsi athu a 50 Hz, komwe kamabwera mukalumikiza masipika okhala ndi pulagi yawoyawo pa soketi ina, kapena mukamagwiritsa ntchito ekisitenshoni yomwe phini yachitatu ya earth ndi yongokongoletsa. Mainvata otchipa aja a modified sine wave nawonso amabweretsa kulira kwawo. Kwanga masipika ankalira choncho ngakhale kudzera mu G6, mpaka nditalowetsa laputopu ndi masipikawo pa ekisitenshoni imodzi ya earth yeniyeni. Pa mahedifoni okha sindinamvepo kalikonse, ngakhale pa invata.

Ndisanapeze G6 ndinayesapo kaja kooneka ngati flash, kolembedwa 7.1 koma kopanda dzina la kampani, kamene ndinagula pa benchi ina m'tauni. Kali ndi mabowo awiri, lobiriwira ndi lapinki. Mawu ankatuluka, koma maiki inkachita shiii mosalekeza, ndipo ma 250 ohm aja sikankawatha. Komabe kotereka kali ndi ntchito yake: ngati jaki ya laputopu yanu inathyoka, kakupulumutsani pa ndalama yochepa. Pakati pa kameneka ndi G6 palinso zina za mayina odziwika, monga Sound Blaster Play! 3 kapena kawaya ka USB-C ka Apple, zomwe zimakwanira pa mahedifoni wamba a 32 ohm.

Musanatulutse ndalama, yesani izi kunyumba, n'zaulere. Valani mahedifoni, tsekani nyimbo zonse, kwezani voliyumu, kenako zulani chaja pa laputopu. Phokoso likatha, vuto ndi chaja kapena soketi, osati kachipu ka mawu. Pa desktop, chotsani mahedifoni pa jaki yakutsogolo muwalowetse kumbuyo, chifukwa kawaya kopita kutsogolo kamadutsa pakati pa zida zonse ndipo nthawi zambiri ndi komwe kamatola phokoso. Ngati simukumva phokoso lililonse ndipo voliyumu ikukukwanirani isanafike kumapeto, ndalamazo gulirani mahedifoni abwino. Kuika G6 pa mahedifoni a pabenchi kuli ngati kumanga matayala atsopano pa njinga ya kabaza yothyoka felemu.

Enanso amene sizikuwakhudza ndi omwe ali ndi mahedifoni a USB. HyperX Cloud II, mwachitsanzo, amabwera ndi ka sound card kawo pa waya pomwepo. A Bluetooth nawo sadutsira mu kabokosika, ndipo kuchedwa kwawo kwa mawu, komwe nthawi zambiri kumapitirira 100 ms, G6 singakuchotse. Amene amangomenya FC ndi anzawo pa sikirini imodzi apeza phokoso la masapota lokomerako, basi. Ndipo wina asakunamizeni kuti ichepetsa lag, kuchedwa kwa gemu pa intaneti. Ife timasewera pa seva ya ku Johannesburg, ndipo ping, nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerako, imadalira netiweki yanu. Madzulo netiweki ikadzaza, mumafa ndithu mukumva bwinobwino mapazi a amene wakuphaniyo.

A ma console, pa PS4 ndi PS5 imagwira kudzera pa USB. Pa Xbox One mawu amalowera pa waya wa optical, ndiye kumbukirani kuti Xbox Series X ndi Series S alibe bowo limenelo.

M'mashopu omwe ndinazungulira kuno sindinaipeze. Yanga inabwera pa basi ndi mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg. Itangotuluka inkagulitsidwa pafupifupi madola 150 a ku America, ndipo chiyambire pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyo si yoseweretsa. Mukamatuma munthu, muuzeni aiyese konko asanakwere basi, chifukwa kubweza katundu kuchokera ku Mzuzu kungadye ndalama yogulira ina. Pa Windows imayamba kugwira mukangolowetsa, koma kuti musinthe equalizer ndi zina pamafunika pulogalamu ya Sound Blaster Command, ndiye konzani kabandulo. Waya wake ndi wa micro-USB, womwe ku Taifa Market ngosasowa ukaduka. Pogula wina nenani kuti mukufuna wodutsa data, chifukwa ena mwa mawayawa ndi ongotchajira foni: kabokosi kayaka magetsi bwinobwino koma kompyuta osakaona.