Njerwa za simenti zoyala pansi: kodi zikuyenera tinjira ta m'mapaki a ku Zomba?

Malo ambiri opumulirako ku Zomba ali pamtsetse. Mvula ikagwa kuphiri, madzi amatsika mwaliwiro kulowera ku Mulunguzi ndi Likangala, ndipo kanjira kadothi kamasanduka ngalande m'dzinja limodzi lokha. Amene anaona namondwe Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa. N'chifukwa chake okonza mabwalo a sukulu, a tchalitchi ndi malo ochezera amathamangira njerwa za simenti zoyala pansi, zija ambiri amati ma interlocking. Ndi katundu wabwino ndithu, koma woyala mothamanga amangotaya ndalama.

Kuposa kwake konkiriti yothira n'koti muzu wa mtengo ukatukula malo amodzi, mumazula njerwa khumi, n'kukonza pansi, n'kuzibwezera zomwezo. Konkiriti ikang'aluka, yang'aluka basi. Izi n'zofunika m'tauni ya mitengo ikuluikulu ngati ino, yomwe munda wake wa Botanical Garden unayamba kale mu 1891.

Pogula, njerwa yokhuthala mamilimita 60 imakwana poyenda anthu, koma polowa galimoto pafunika ya 80. Za mamilimita 200 m'litali ndi 100 m'lifupi zimalowa 50 pa sikweya mita imodzi. Onjezerani zisanu pa 100 zilizonse chifukwa zina zimaduka. Vuto lalikulu ndi oumba ena amene amachepetsa simenti, kapena kugulitsa njerwa za masiku atatu. Simenti imafuna kuthiriridwa madzi sabata yathunthu, ndipo imalimba mokwanira pa masiku 28. Kandani m'mphepete mwa njerwa ndi msomali: mchenga ukamayoyoka, isiyeni pomwepo.

Chimene chimapha tinjira tambiri sichioneka, chili pansi. Chotsani dothi lonse lakuda lapamwamba, thirani miyala ya kwale yokhuthala mamilimita 100 mpaka 150, muitsendere mpaka phazi lisasiye chizindikiro. Pamwamba pake mchenga wa kumtsinje, mamilimita 30 okha. Ambiri amauchulukitsa kuti abise mabampu, ndiye mvula yoyamba njerwa zimatitimira, pakati n'kukhala chithaphwi choswanirana udzudzu. Kanjira kapendekeke masentimita awiri pa mita iliyonse kuti madzi azithawira kumbali, ndipo mbali zonse ziwiri muikemo mzere wa konkiriti wogwira njerwa. Popanda mzerewu zam'mphepete zimayamba kusuntha, zinzake n'kutsatira ngati mano a chipeso chothyoka. Kumtunda kwa kanjira dzalani udzu wa vetiva mopingasa mtsetse, mapesi motalikirana masentimita 10 mpaka 15, kuti matope asamatsikire pa njerwa.

Musaiwale agogo oyenda ndi ndodo ndi anzathu oyenda pa njinga za aulumali. Mamita 1.8 m'lifupi amalola njinga ziwiri kupatukirana, ndipo pokwera pasapose mita imodzi pa mamita 12 aliwonse.

Chofooka chenicheni cha njerwazi kuno ndi ndere. Pansi pa mibawa ndi nsungwi, pomwe dzuwa silifika, njerwa zimabiriwira n'kuyamba kuterera, makamaka zija zosalala zapenti. Pamithunzi sankhani zokhakhala, muzizikwecha ndi burashi yolimba mvula ikamatha, kenako musesere mchenga wouma m'mipata momwe wakale wakokoloka.