Sopo wosungunula kapena wa mawese: wa mphatso kuno ku Mzuzu ndi uti?

Amayi anzanga a kumpingo amandifunsa kawirikawiri kuti akafuna kupanga sopo wopereka pa chinkhoswe kapena pa chikuta atsate njira iti: kugula chibuma chopangidwa kale chimene amalonda amachitcha melt and pour, kapena kuyamba okha ndi mafuta a mawese (palm oil) ndi kositiki (caustic soda). Njira zonse ziwiri ndinaziyesa, ndipo mtima wanga uli ku mawese.

Sopo wosungunula ali ndi ubwino wake. Mumangomudula, kumusungunula, kuthiramo fungo ndi kumutsanulira m'chikombole, ndipo tsiku lomwelo amakhala atalimba. Simugwira kositiki, choncho ana angathe kukuthandizani. Pa changu ndi pa chitetezo, iyeyu ndiye wapambana.

Chimene wogulitsa sanandiuze n'chakuti sopo ameneyu ali ndi glycerine wambiri, ndipo glycerine amakoka chinyezi cha mumpweya. Mwina m'madera ouma vutoli silioneka msanga, koma Mzuzu ndi mzinda wa chifunga ndi mvula yamawawa imene imapitirira ngakhale kwina dzinja litatha. Sopo amene ndinakonzera alamu anga pa chinkhoswe chawo ndinamukulunga m'mapepala okongola, koma pofika tsiku la mwambo anali atatuluka timadontho ngati thukuta, mapepala atanyowa ndi kumatirira. Sopoyo sanali woipa posamba, koma mphatso yonata m'manja simungaipereke pamaso pa anthu. Kuti zimenezi zisachitike muyenera kukulunga mtanda uliwonse m'pulasitiki yothina utangotuluka m'chikombole, ndipo mtengo wa pulasitikiyo, pamodzi ndi ndalama yotumizira chibumacho pa basi kuchokera ku Lilongwe, sunali pa mtengo umene ndinauzidwa poyamba. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti ndinamuuza wogulitsayo kumene ndimakhala, iye n'kungolandira ndalama osanena kanthu.

Mawese ndi a kwathu kuno kumpoto, amachokera ku Karonga, ndipo mumsika mungawaone ndi kuwanunkhiza musanagule. Amapanga sopo wolimba, wosatha msanga, wa mtundu wachikasu wosafuna utoto. Pa kilogalamu imodzi ya mawese pamafunika kositiki wokwana magalamu pafupifupi 142, koma ine ndimathira 135 kuti mafuta pang'ono atsale ofewetsa khungu, ndipo madzi amakhala magalamu pafupifupi 330. Apa sikelo ndi yofunika, chifukwa kuyeza ndi kapu kumabweretsa sopo wowotcha khungu. Kositiki ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi m'kositiki, ndipo poto wa aluminiyamu asayandikire chifukwa kositiki amamudya. Valani magolovesi, tetezani maso, ana akhale kutali. Gulani kositiki wa m'paketi yotsekedwa bwino, pakuti nayenso amakoka chinyezi, ndipo wolongezedwanso m'timajumbo amaumbika n'kuchepa mphamvu.

Mawese okha satulutsa thovu lambiri. Mukapeza mafuta a kokonati, ikani gawo limodzi pa magawo asanu ndipo thovu lidzasintha, koma muwerengenso kositiki chifukwa kokonati amafuna wochulukirapo, magalamu pafupifupi 183 pa kilogalamu. Mafuta a mpendadzuwa musawachulukitse, popeza amafewetsa sopo ndipo amamuchititsa mawanga akakhalitsa.

Mtengo weniweni wa njira iyi ndi nthawi. Sopo akadulidwa amafuna masabata 4 mpaka 6 kuti aume, ndipo mu June ndi July, kuzizira kwa kuno kukafika pachimake, ine ndimadikira onse 6, nditamuyala pa thandala pamalo opita mphepo. M'miyezi yozizira imeneyi mawese amagwirana m'botolo, choncho muyambe mwawatenthetsa onse ndi kuwatakasa musanayeze.

Ngati mwambo uli mawa, gulani wosungunula ndi pulasitiki yake, ndipo mukulunge tsiku lomwelo. Ngati tsiku la chinkhoswe mwalidziwa kudakali miyezi iwiri kuti lifike, monga mmene zimakhalira m'mabanja ambiri, pitani mukagule mawese. Sopo wake akauma bwino mungamukulunge m'pepala wamba kapena m'kachidutswa ka chitenje, ndipo adzafika kwa mwini wake ali wouma ngakhale kunja kukuwaza.